A Wiritsani ndi Uthenga wa Msilikali Phiri

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a apongozi anga aamuna, patatha chaka chiwaikire. Mmisiri atamaliza kusalaza simenti anatola msomali n'kufunsa dzina loti alembe. Amuna anga, bambo a Chikondi, anati, "Lembani Yesaya Chimbalanga." Amayi amene anabwera kudzatunga madzi anayang'anana. Mmodzi anandinong'oneza kuti, "Kodi Yesaya ndiye ndani? Sitinasokoneze manda?" Sanalakwe kufunsa. Kuno ku Chamama, kuyambira ku esiteti kukafika kumsika, munthuyo ankadziwika ndi dzina limodzi lokha, a Wiritsani.

Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Munthu akabwera ndi bala, kaya watemeka ndi khasu, kaya wapsa, kaya mwana wabayidwa ndi munga, iwo moni sankayankha. Ankayang'ana balalo kaye, kenako n'kutembenukira kwa aliyense amene ali pafupi: "Wiritsani madzi." Nsanza yomangira, wiritsani. Lezala, wiritsani. Singano yozulira munga, wiritsani. Ana a matenanti ankawakuwiza nalo dzinalo akamadutsa, koma iwo sankakwiya. Ankati bola mawuwo akhale m'mitu mwa anawo, ngakhale alowemo mwachipongwe.

Ine ndinawadziwira paphazi langa. Ndinali nditangokwatiwa ndi mwana wawo, amene anabwera chikamwini m'mudzi mwathu, kutsidya kwa dambo lolekanitsa mudzi ndi esiteti. Tsiku lina ndinadzitema ndi chikwakwa pomweta udzu, ndipo monga tinkachitira tonse, ndinathirapo dothi la pachulu n'kumanga ndi chiguduli. Phazi linatupa ngati dzungu. Apongozi atamva anawoloka dambo n'kulowa m'nyumba osaodira. Ndinafuna kukwawira kuchipinda, pakuti mkazi sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna, nanji kuwaonetsa mwendo.

"Mayi, khalani pomwepo," anatero. "Zachipongozi tidzayambiranso bala likapola."

Anagwada pansi, munthu wa imvi, n'kuika phazi langa pabondo lawo. Anatsuka ndi madzi a mchere mpaka ndinalira ngati mwana, uku akundikalipira kuti dothi ndi la chimanga, si la munthu wamoyo. Bala litapola anabwereradi ku ulemu wakale. Tikakumana panjira ankapatukira m'tchire, n'kupereka moni atayang'ana kumbali.

Sindiwakometsera chifukwa choti anapita. Anali munthu wovuta. Kudya nawo inali ntchito: iwo kusamba m'manja kunkafika m'zigongono, ndipo beseni limodzi losambiramo tonse ankalikana, ankafuna madzi ochita kuthira. Mlendo akamawapatsa moni, maso awo ankakhala pa zikhadabo zake. Akalowa m'nyumba ya wodwala n'kupeza mawindo atatsekedwa ndi nsanza, ankazula nsanzazo osapempha, eni nyumba ali pomwepo. Chimene sankachipirira n'komwe chinali kuona wodwala atagona pansi. Ankapita kuchigafa, kumene timayanika fodya, n'kusolola mikangala, n'kumanga kabedi ka mitengo tsiku lomwelo. Kapitawo akabwera kudzadandaula kuti mikangala ikutha, ankamuuza kuti fodya angathe kudikira pansi, munthu ayi.

Anali ndi mawu awo amene ankawabwereza mpaka tinatopa nawo. Ankati bala silichita manyazi, ndiye mwini wake asachitenso manyazi. Ankati fungo la wodwala ndi la tonse, langoyambira kwa iye. Ankatinso munthu amayamba kufa tsiku limene anthu ayamba kukamba za iye ngati palibe, iye ali gone pomwepo akumva. Pa chifukwa chimenechi anathamangitsapo akuluakulu a mpingo amene anayamba kukambirana za matabwa a bokosi pakhonde la munthu wopuma. Kutchalitchi anawaimitsa kudya mgonero kwa kanthawi, iwo osapepesa.

Zonsezi anaziphunzira m'nyumba ina imene ine sindinaionepo, koma ndingathe kukuyendetsanimo chipinda ndi chipinda. Kwawo kunali ku Chiradzulu. Ndevu zitangoyamba kumera, anapeza ntchito yowaza nkhuni ndi kutenthetsa madzi kunyumba ya mzungu wina wolima fodya, mbali ya ku Zomba. Nkhondo yaikulu ya azungu ija itakula, mwini nyumba anapita kunkhondoko, mkazi wake anasamukira m'tauni, ndipo boma linatenga nyumbayo kuti muzigona asilikali ovulala amene ankabwera nawo kuchokera kutali. Antchito ena anathawa ataona zimene zinatsika m'lole yoyamba. Iwo anatsala. Ankati palibe amene anawauza kuti achoke, ndiponso moto wa madzi unali utayaka kale.

Nyumbayo inali ndi khonde lozungulira mbali zonse. M'chipinda chodyera munali tebulo lalitali, ndipo patebulo pomwepo, pamene kale ankadyerapo nkhuku ndi mafoloko, adokotala ankachekerapo anthu. M'chipinda chochezera munali limba la mkazi wa mzungu, limene pamwamba pake anandandalikapo mabotolo a mankhwala. Pakhoma la chipindacho panali mitu ya nyama zimene mwini nyumba anapha, njati, ngoma, mphalapala, zonse za maso agalasi. Asilikali otentha thupi ankakuwa kuti nyamazo zikutsika kudzawaponda, mpaka apongozi anakwera pampando n'kuziphimba ndi masaka. Azungu ovulala ankagona m'zipinda za mkati. Athu ankagona pakhonde, ena m'chigafa. Munthu wakuda ankalowetsedwa m'chipinda chochezera pokhapokha zitaipiratu, kotero kuti pakhonde panali mawu akuti wolowa kwa njati sabwerako.

Woyang'anira anali nesi wachizungu, wamfupi, wa mawu aakulu ngati mwamuna. Dzina lake linkawavuta lilime, ankangoti Sisitala. Ndiye amene ankawamenya pamsana pa dzanja akagwira bandeji asanasambe. Ntchito yawo inali kuchapa mabandeji mumgolo, kuwawiritsa, n'kuwayanika pampanda wa maluwa. Inalinso kutaya mabeseni, kutembenuza anthu osatha kudzitembenuza, kupanikiza munthu pansi pomucheka, ndi kukakwirira kuseri kwa khola la akavalo miyendo ndi manja zimene zatsala patebulo. Izi sankakamba pagulu. Ankakamba tikusoka fodya m'chigafa, maso ali pa masamba, mawu ali pansi, ngati akuuza fodyayo.

N'chifukwa chake nyumba ya manejala ya pa esiteti yathu inkawapweteka mtima. Ndi nyumba yaikulu ya malata, ya khonde lalikulu, imene inakhala yopanda munthu kuchokera pamene manejala womaliza anachoka. Chaka cha njala chija, makuponi a feteleza asanayambe, anthu atayamba kutsegula m'mimba n'kumagwa m'mizere ya nyumba za matenanti, apongozi anavala jekete n'kupita kwa kapitawo. Anapempha kiyi. Anati apatseni zipinda ziwiri zokha ndi mgolo umodzi, zina zonse adziwa okha. Kapitawo anati akafunsa kwa eni esiteti m'tauni. Yankho linabwera loti nyumbayo ndi yosungiramo mabelo. Mabelo chaka chimenecho munalibe, munali mileme. Anthu anafera m'tinyumba tawo ta udzu, ndipo apongozi anayenda khomo ndi khomo ndi ndowa mpaka mapazi anatupa. Kuyambira pamenepo kapitawo uja sanamupatsenso moni. Ngakhale pamaliro a mkazi wa kapitawoyo anapita, anakumba nawo manda, anadya, n'kubwerako osamulankhula.

Pa anthu onse amene anadutsa m'manja mwawo kunyumba ya ku Zomba ija, mmodzi ndiye anatsala nawo moyo wonse. Ankamutcha Phiri. Dzina lake loyamba sanalidziwe, pakuti asilikali ankaitanana ndi chiwongo kapena nambala. Anali wamfupi, wakuda bii, wa chipsera pachipumi pamene ng'ombe inamugunda ali mwana. Anabwera ndi bala la pantchafu lokana kupola. Anamudula mwendo, koma kuwola kunapitirira kukwera. Anali munthu wanthabwala: ankauza anzake a pakhonde kuti mwendo wake watsogola kumudzi kukanena kuti iye akubwera m'mbuyo. Ankaseka kalankhulidwe ka apongozi ka kumwera, pamene iye mwini polankhula ankaponyamo mawu a Chitumbuka. Ankati kwawo ndi ku Kasungu, dziko lathyathyathya, kumene phiri limaima lokha ngati munthu wosowa mnzake.

M'mawa wa tsiku limene anamulowetsa kwa njati, apongozi anamusambitsa n'kumuveka malaya oyera. Phiri anawagwira dzanja.

"Yesaya, iwe uli ndi miyendo iwiri. Nkhondo ikatha udzapite kwathu. Aboma akangowauza amayi kuti ndafa, basi. Amayi adzaganiza kuti ndinafera kutchire, afisi n'kundidya. Iwe ukawauze kuti ndinafera m'nyumba ya malata, pabedi, ndipo munthu anandisambitsa."

"Ndidzapita," apongozi anayankha. "Mudzi wake ndi uti?"

Phiri anautchula. Nthawi yomweyo Sisitala anakuwa kuchokera kuchipinda chodyera kuti beseni msanga, munthu akutaya magazi patebulo. Apongozi anathamanga. Dzina la mudzi analimva ndi khutu limodzi, n'kudziuza kuti afunsanso akabwerako. Anabwerako dzuwa litapendeka, n'kupeza pabedi atayalula kale.

Ankakumbukira kuti dzinalo linali lalifupi, ndipo linkayamba ndi Ka, mwina Cha. Ku Kasungu kuno! Kumene mudzi ukapanda kuyamba ndi Ka umayamba ndi Cha, ndipo ukaponya mwala m'mwamba umagwera Phiri.

Nkhondo itatha mzungu anabwerera m'nyumba yake, masaka anachotsedwa pa mitu ya nyama, apongozi anabwerera kukatenthetsa madzi osamba. Kenako anapita kwawo, anakwatira a Esinati, anabereka ana. Kasungu kunali kutali, ndipo ulendo wake sunali wa munthu wosauka. Zaka zinaunjikana. Ndiye maesiteti a fodya atatsegulidwa kuno, malole anayamba kupita kumwera kukatenga matenanti. Apongozi atamva kalaliki wa lole akutchula Kasungu, anakwera asanafunse n'komwe za phoso. A Esinati anakwera nawo ndi ana ndi mitolo, poganiza kuti akupita nyengo imodzi kapena ziwiri.

Anzawo ankasamuka esiteti pofuna bwana wabwinoko. Iwo ankasamuka pofuna midzi imene sanafunsemo. Maliro alionse ankapita, ngakhale a munthu wosamudziwa, n'kukakhala pafupi ndi nkhalamba. Akatha kupepesa ankayamba: kodi m'mudzi muno munali mnyamata wa kwa Phiri amene anapita kunkhondo ya azungu osabwerako? Anafunsa ku Mtunthama, anafunsa ku Lukwa, anafika mpaka kumalire kumene anthu amayankha m'Chitumbuka. M'masiku aja anthu ankaopa mlendo wofunsafunsa, ndiye ena ankawayesa kazitape n'kutseka pakamwa. Ena ankawagulira mowa kuti akambe za mfuti, n'kukhumudwa kumva za mabeseni. Mabanja a Phiri amene ana awo anapita kunkhondo anawapeza ndithu, koma wa chipsera pachipumi palibe ankamukumbukira. Amayi ake a msilikaliyo ayenera kuti anamwalira apongozi asanakwere n'komwe lole. Iwo ankadziwa zimenezo. Ankati uthenga suwola, ukasowa mwini umalandiridwa ndi mlongo kapena mdzukulu.

Amene analipira ulendowu ndi a Esinati. Anali mayi wofatsa, koma pa nkhani iyi lilime lawo linkathwa. Ankati anzathu anabwera kudzalima fodya, ife tinabwera kudzasaka mtembo. Kamunda kamene amayi awo anawasiyira ku Chiradzulu abale anagawana, poona kuti mwini sakubwera. Ana awo ena anabalalika, wina ku Lilongwe, wina ku Zambia. A Esinati atadwala matenda awo omaliza anapempha chinthu chimodzi, ine ndili pomwepo ndikuwapatsa phala.

"Bambo, ndiperekezeni kwathu. Ndikagone pafupi ndi amayi."

"Fodya akapita ku okushoni tinyamuka," apongozi anayankha.

"Munatero chaka chatha."

"Chaka chino ndi zoona."

Anawasamalira kuposa nesi aliyense. Ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwapesa tsitsi, ndipo miyezi yonse imene anagona sanatuluke chilonda ngakhale chimodzi pamsana. Koma kwawo sanawapititse. A Esinati anamwalira fodya ali m'zigafa, ndipo tinawaika kumanda a m'mudzi mwathu, pakati pa anthu amene sanawadziwe.

Tsiku lometa, abale atabalalika, bambo a Chikondi anaima pamaso pa bambo awo. Sanakuwe. Anangoti, "Munthu wakufa, woti ngakhale dzina lake simulidziwa, munamumvera. Amayi anga amoyo simunawamvere." Apongozi anatola chipewa n'kuwoloka dambo. Kuchokera tsiku limenelo pakati pa awiriwo panatsala moni yekha. Ine ndinkatumiza ndiwo kutsidya, ndinkanena kuno kuti bambo akutsokomola, n'kukanena uko kuti mwana wanu wafolera nyumba. Onse ankangoti, "Chabwino." Anali anthu a mutu umodzi, n'chifukwa chake sankatha kugwirizana.

Chaka china cha makuponi ndinalandira yanga m'mudzi mwathu. Matenanti sankalandira, pakuti ankati alibe mudzi. Apongozi nthawiyo anali atasiya kulima, akuyenda ndi ndodo, koma atamva kuti ndikupita ku Chamama kukagula feteleza anatumiza mawu kuti ndiwadikire. Anati kumene kuli mzere kuli nkhalamba.

Kunali kotentha, mvula isanagwe. Lole ya feteleza inali isanafike, ndipo anthu anaika miyala ndi masaka pamzere posunga malo, eni ake n'kukabisala m'mithunzi. Ife tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Pafupi nafe panali gogo wina wowonda, amene anati kwawo ndi ku Lukwa koma akukhala kwa mwana wake wokwatiwa kuno. Pamsongolo pake panali chilonda chomanga ndi pepala la shuga. Apongozi analoza ndi ndodo.

"Chotsani icho, mayi. Mwendo uwola."

Gogoyo anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Inu ndinu adokotala a kuti?"

"A kunkhondo."

"Nkhondo iti? Ija inatenga alongo anga?"

Apongozi anafunsa ngati alongo akewo anabwerako.

"Kunabwera mesenjala wa boma kudzanena kuti afa, basi," gogoyo anatero. "Ine ndinali kamtsikana. Amayi analira mpaka maso anachita khungu. Ankati mwana wanga wadyedwa ndi afisi a dziko la eni."

Apongozi anasendera pafupi. Mawu awo anatuluka aang'ono, sindinawamvepo otero. "Anali a Phiri?"

"Iyayi, ife ndife a Banda."

"Wamfupi, wakuda, wa chipsera pachipumi apa?"

"Ayi. Alongo anga anali aatali ngati mlongoti, oyera, a mpata pamano."

Apongozi anatsamira ndodo kuti aimirire. "Pepani mayi. Si ameneyo."

Gogo uja anawagwira mpendero wa jekete. "Mukupita kuti? Khalani pansi. Wanuyo anafa bwanji?"

"Uthengawu uli ndi eni ake."

"Eni akewo ali kuti? Inu mwakalamba, ine ndakalamba. Mukufuna mukautule kumanda? Nenani kwa ine."

Apongozi anandiyang'ana ine, mpongozi wawo, chinthu chimene sankachita. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinangomva akukhalanso.

Anakamba zonse. Za khonde lozungulira, za mitu ya nyama yophimba ndi masaka, za mwendo umene unatsogola kumudzi. Anthu a m'mithunzi ina anayamba kusendera. Atafika pa uthenga weniweniwo anavula chipewa, n'kuunena mmene anaulandirira, liwu ndi liwu: kuti sanafere kutchire, anafera m'nyumba ya malata, pabedi, ndipo munthu anamusambitsa.

"Madziwo anali ofunda?" gogoyo anafunsa.

"Ofunda. Ndinatenthetsa ndekha."

"Sopo analipo?"

"Analipo."

"Nanga pomwalira panali munthu pambali pake?"

Pa zaka zonse zimene ndinamva nkhaniyi, funso limenelo palibe anawafunsapo apongozi.

"Panalibe, mayi. Ndinali kuchipinda china ndi beseni."

"Koma munamusambitsa."

"Ndinamusambitsa."

Gogo uja anakhala bwino, anawongola chitenje, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono monga timachitira polandira mphatso kwa wamkulu. "Ndalandira," anatero. "Ndalandira m'malo mwa amayi ake. Ndalandiranso m'malo mwa amayi anga." Misozi inkatsika m'makwinya osaipukuta. Apongozi anali chigwirire chipewa pachifuwa.

Pomwepo wina anakuwa kuti lole yafika. Anthu anadzambatuka onse, miyala ya pamzere inamwazika, kunali kukankhana ndi fumbi lokhalokha. Ine ndinathamangira malo anga. Nditabwerako ndi thumba, ndinapeza apongozi ali okha pansi pa mango. Gogoyo mwana wake anali atamutenga, ndipo sitinamuonenso.

Pobwerera thumba linali panjinga, ine ndikukankha, iwo m'mbuyo ndi ndodo. Tili pafupi ndi dambo ndinamva akuti, "Chilonda chija sindinachitsuke."

"Mwana wawo akawapititsa kuchipatala, bambo."

"Ndipo si mwini wake uja."

"Koma walandira."

"Walandira," anatero. "Koma si mwini wake."

Kuchokera tsiku limenelo sanafunsenso munthu za Phiri. Pamaliro ankapita a anthu owadziwa okha, n'kubwerako msanga. Ngati mtima unapepuka, kapena anangotaya chiyembekezo, ine sindidziwa, ndipo mpongozi safunsa zotero. Ndinawafotokozera bambo a Chikondi zonse zimene zinachitika pansi pa mango, poganiza kuti mwina awoloka dambo. Anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anati, "Ndiye akanangouza aliyense kalekale. Amayi akanafera kwawo." Sanawoloke.

Chibayo chinawagwira apongozi m'nyengo yozizira, bambo a Chikondi atapita ku okushoni ndi mabelo athu. Anyamata a pa esiteti, amene ambiri a iwo ali ndi zipsera zimene apongozi anatsuka, ataona kuti kupuma kwavuta anabwereka ngolo kuti athamangire nawo kuchipatala. Akuti iwo anakana, anati asiyeni pabedi pawo. Koma ndani angamvere nkhalamba yotentha thupi? Anawanyamula mwachikondi, n'kuwagoneka pa masaka a feteleza. Uthenga utandipeza ndinathamanga kutsata mapazi a ng'ombe, ndipo ngoloyo ndinaipeza itaima pakati pa minda, kutali ndi nyumba iliyonse. Anyamata anali atavula zipewa. Mmodzi anati sanadziwe n'komwe nthawi imene zachitika, ng'ombe zinali zikuyenda.

Bambo a Chikondi anafika maliro ali m'nyumba. Anapempha adzukulu, anthu osambitsa ndi kuika maliro, kuti alowe nawo akasambitse bambo awo. Adzukulu anakana, pakuti mwambo sulola mwana kutero. Anakakhala kuseri kwa nyumba, ndipo chakudya chimene ndinawapititsira chinabwerako chosakhudza.

Dzulo ndinawoloka dambo kukaona pamene ankakhala. Nyumba yawo inali yomalizira pamzere wa matenanti, pafupi ndi chulu. Maliro atangotha kapitawo analamula kuti udzu wa padenga aufolere chigafa, zipupa anazigwetsa, ndipo thalakitala inadutsa mvula isanagwe. Tsopano ndi munda. Mizere ya fodya wa chaka chino imachokera kumsewu kukafika kuchulu osapatuka, ziputu zili ndandanda, zouma. Ukayang'anitsitsa umaona kachigawo kamakona anayi kamene dothi lake ndi lotuwa, ndipo ziputu zake ndi zazifupi, zowonda ngati zala. M'mphepete muli chitsa cha gwafa chimene chayamba kuphukira.

M'nyumba yoyandikana nayo munatuluka mayi wachitsikana, mwana ali kumsana. Kalankhulidwe kake kanali ka ku Mulanje.

"Mukufuna ndani, mayi?"

Ndinamuuza kuti pano pankakhala apongozi anga, ndinatchula ndi dzina.

"Sitikuwadziwa. Ife tabwera ndi lole ya chaka chatha." Anayang'ana pamene ndinkayang'ana ine. "Oo, ndiye panali nyumba? N'chifukwa chake. Amuna anga amadandaula kuti pamenepo khasu limadumpha, pansi ndi pouma ngati simenti, fodya sakula. Akapitawo anena kuti chaka chino tidzathirepo feteleza wambiri."

Mwana analira, ndipo mayiyo analowa m'nyumba.